Maloko atatu, bokosi limodzi: zimene makomiti a ku Nsipe angaphunzire kwa amayi a banki mkhonde

Bokosi la banki mkhonde si chinthu choti munthu n'kuchiyang'ana kawiri. Ndi chitsulo chowotcherera kwa amisiri a pamsika, chopakidwa penti, ndipo m'mbali mwake zitatu muli timakutu tokolekamo maloko. Koma amene adaganiza zoti maloko akhale atatu, makiyi ake asungidwe ndi anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo likagone kwa munthu wachinayi amene alibe kiyi ndi imodzi yomwe, adapeza mankhwala a nthenda imene ikusautsabe mabungwe okhala ndi makompyuta ndi owerengera chuma ovala mataye.

Dzina la Nsipe, ku Ntcheu, lidamveka m'dziko lonse mu Juni 2024, pomwe wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Saulos Chilima, adaikidwa m'manda kumeneko pa 17, patatha sabata ndege imene adakwera itagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Galimoto za akuluakulu zitabwerera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, Nsipe adatsala momwe adaliri kale: parishi ya Akatolika ya mu dayosizi ya Dedza, chipatala, sukulu, ofesi ya alangizi a zaulimi, ndi midzi ya alimi a chimanga, mtedza, soya ndi nandolo. Kulibe kampani yaikulu kuno. Koma ndalama za gulu ziliko, ndipo zimadutsa m'manja ambiri tsiku ndi tsiku. Pali chopereka cha Lamulungu ndi masika, zosonkha za mphakati, za kwaya, za mjigo, za chitukuko cha pasukulu, za kalabu ya alimi, za timu ya mpira ya achinyamata, za bungwe la maliro. Chilichonse mwa izi chili ndi msungichuma wake, ndipo ambiri mwa asungichumawa adasankhidwa pa chifukwa chimodzi: ndi anthu abwino.

Ndalamazi si zochepa monga timaziganizira. Tiyerekeze gulu la anthu 25, sheya imodzi ndi K1,000, ndipo aliyense akugula masheya atatu pasabata. Pakutha pa masabata 48 gululo lasonkha K3,600,000, tisanawerengere chiwongoladzanja ndi zindapusa. Mjigo womwapo mabanja 60, lililonse n'kumapereka K500 pamwezi, uyenera kukhala utatolera K360,000 pachaka. Funsani komiti ya mjigo wa kwanu kuti muli zingati m'thumba lero, mumve yankho lake.

Momwe bokosi limatsegukira

Khalani nawo pamsonkhano wa gulu limene likutsata malamulo ake mosaphonya. Amayi akhala pamphasa mozungulira, pakhonde la mmodzi wa iwo kapena patsinde pa mango. Wosunga bokosi walisenza kuchokera kwake, walitula pakati. Lisanatsegulidwe, gulu lonse limafunsidwa kuti sabata yatha tidatsekera zingati. Amayankha pakamwa, zakuti m'thumba la ngongole, zakuti m'thumba la mavuto adzidzidzi. Kenako osunga makiyi amabwera mmodzimmodzi, aliyense n'kutsegula loko wake. Owerenga ndalama, omwe amakhala awiri, amazikhuthulira m'mbale n'kuwerenga mokweza, maso onse ali pamenepo. Zikafanana ndi zimene gulu latchula, msonkhano umapitirira. Zikasiyana, ngakhale ndi K200, palibe chichitike mpaka zitadziwika kuti ndalamayo yapita kuti.

Mayi akaitanidwa, ndalama yake amapereka kwa owerenga, osati kwa mlembi. Owerengawo amalengeza kuti masheya atatu. Mlembi amadinda zidindo zitatu m'kabuku ka mayiyo, ndipo malo awiri otsalawo amawakhwatcha kuti wina asadzadindepo kuseri. Mlembi sagwira ndalama. Owerenga sagwira cholembera. Wofuna ngongole amapempha pamaso pa onse, n'kunena kuti akufuna zingati ndipo abweza liti. Pomaliza ndalama zotsala zimawerengedwanso, kulengezedwa, ndipo timabuku tonse pamodzi ndi chidindo timatsekeredwa m'bokosi momwemo. Wosunga bokosi amanyamula chuma chimene sangathe kuchitsegula, ndipo osunga makiyi amapita kwawo ndi makiyi a bokosi limene alibe.

Njira imeneyi idayambira ku Niger m'chaka cha 1991, pansi pa bungwe la CARE, pakati pa amayi akumudzi omwe ambiri sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. N'chifukwa chake imadalira maso, makutu ndi kukumbukira kwa gulu kuposa pepala. Idafalikira m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo kuno kwathu mabungwe osiyanasiyana, a mipingo ndi a boma omwe, adaitengera m'midzi mpaka idasanduka chinthu chathuchathu. Lero magulu ambiri amangoyamba okha, poonera anzawo a mudzi woyandikana nawo. Apa mpamene pamayambira vuto lina, poti woonera amatenga bokosi ndi masheya, koma malamulo ooneka ngati otayitsa nthawi aja amawasiya.

Akatswiri owerengera chuma amaphunzitsa kuti pa ndalama iliyonse ya bungwe pali ntchito zinayi: kuloleza kuti ituluke, kuisunga, kuilemba m'buku, ndi kubwera pambuyo kudzaona ngati zolembedwa zikugwirizana ndi zimene zilipodi. Munthu mmodzi akagwira ziwiri mwa ntchitozi, makamaka kusunga ndi kulemba, atha kutenga ndalama n'kukonza buku kuti lisamuulule. Akagwira zonse zinayi, bungwelo lilibe chitetezo china koma mtima wake wa munthuyo. Amayi a pamphasa aja sadapite ku koleji ya zowerengera chuma, koma ntchito zinayizi adazigawa bwino kuposa maofesi ambiri.

Ndipo tisanamizane kuti nzeruyi ndi yachilendo. Pamaliro a kwathu, chipepeso sichilowa m'thumba la munthu mmodzi mwakachetechete. Wina amalandira, wina amalemba m'kope, ndipo mwambo usanathe amaimirira munthu n'kulengeza kuti a mpingo apereka zakuti, a kuchimuna zakuti, a mfumu zakuti, bokosi tagula mwakuti, zatsala zakuti. Paukwati, ndalama za perekaniperekani zimawerengedwa ndi anthu angapo patebulo loonekera, ochokera mbali zonse ziwiri. Palibe amene amati kulengeza chipepeso n'kunyoza wolandira. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo, akakhala m'komiti ya mjigo kapena ya tchalitchi, amachita manyazi kupempha zomwezo.

Ku Capital Hill kudasowa maloko

Amene akuganiza kuti izi ndi nkhani za kumudzi akumbukire chaka cha 2013. Pa 13 Sepitembala, mkulu woyang'anira bajeti ya boma, Paul Mphwiyo, adawomberedwa pageti la nyumba yake ku Lilongwe. Masiku omwewo apolisi adayamba kupeza ogwira ntchito m'boma, ena a maudindo aang'ono ndithu, ali ndi mipukutu ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba. Kampani ya ku Britain yofufuza za chuma, Baker Tilly, idapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidatuluka mwachinyengo m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala chaka chimenecho. Njira yake sidali yozama. Anthu ankalowa mu IFMIS, makina a pakompyuta oyendetsera ndalama za boma, n'kulemba malipiro a makampani amene sadagulitse kanthu ku boma. Macheke ankatuluka, ndalama n'kutapidwa kubanki, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa m'makinamo. Wolemba, wololeza ndi wofufuta adali anthu amodzimodzi kapena ogwirizana, ndipo woyerekeza mabuku a boma ndi a kubanki adali m'tulo.

Mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Joyce Banda, adathetsa nduna zake mu Okutobala 2013. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo ku bajeti, ndipo ululu wake udafika mpaka m'zipatala zakumudzi. Treza Senzani, amene adali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, adalamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu mu 2014. Winanso wopezeka wolakwa pa nkhani yomweyi, Oswald Lutepo, adapatsidwa zaka 11 chaka chotsatira. Boma lidali ndi malamulo olembedwa bwino, lidali ndi makompyuta, lidali ndi anthu a madigiri. Chimene lidalibe ndi chimene amayi a banki mkhonde amachita sabata iliyonse: kufunsa kuti tidatsekera zingati, n'kuwerenga.

Mfundo yomweyi idamvekanso kukhoti mu Meyi 2025, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA lidakasuma. Oweruza adagamula kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo sayenera kukhala oyendetsa ndalama za chitukuko cha m'madera za CDF, poti iwo omwewo ndiwo amavomereza bajeti ndi kulondoloza momwe yagwirira ntchito. Munthu sangakhale wogula ndi wofunsa malisiti nthawi imodzi.

Wakuba sabwera ndi nkhope ya wakuba

Katswiri wina wa ku America wofufuza za umbanda, Donald Cressey, adayenda m'ndende kucheza ndi anthu omangidwa chifukwa chodya ndalama zimene adawasungitsa, ndipo zimene adapeza adazisindikiza mu 1953. Anthuwo sadalowe ntchito ndi cholinga choba. Adali anthu odalirika amene adagwa m'vuto la ndalama loti sakadatha kuuza munthu, adaona kuti pali mpata woti atenge popanda wodziwa, ndipo adadziuza mumtima kuti sikuba, n'kubwereka chabe.

Aliyense amene adakhalapo m'komiti akuwadziwa mawu amenewa. "Ndangobwerekako, ndikagulitsa soya ndibweza." Mwezi wa Febuluwale, nkhokwe ili mbee, mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, mayi agonekedwa kuchipatala cha boma ku Ntcheu, ndipo pansi pa matiresi pali K150,000 ya mjigo imene palibe adaifunsapo chiyambire Ogasiti. Munthu wa mtima wabwino amatengapo K20,000. Mwezi umatha osafunsidwa. Amatenganso. Soya akamadzagulitsidwa pamtengo wogwa, dzenje lakula kuposa zimene wakolola. Tsiku limene mjigo udzathyoke n'kufunika zitsulo zatsopano, mudzi wonse udzamutcha mbava, ndipo amayi adzabwerera kudambo kukatunga madzi. Koma mudziwo udzaiwala kuti ndi iwo omwe adamusiya yekha ndi ndalamazo miyezi isanu ndi iwiri, osamufunsa.

Apa ndiye pagona nkhani. Tikasankha munthu wabwino n'kumusenzetsa kulandira, kusunga, kulemba ndi kugula, sitidamulemekeze. Tamuika pamayesero amene ifeyo sitikadawapirira, ndiponso tamuchotsera umboni woti adzadziteteze nawo. Msungichuma woona mtima amene amasunga yekha ndi kulemba yekha alibe mboni tsiku limene mphekesera zidzayambe. Akangofolera nyumba yake ndi malata, anthu ayamba kunong'onezana pachitsime kuti ndi ndalama za kwaya. Adzalumbira, adzalira, koma buku limene angaonetse ndi lolemba yekha. Alipo ambiri amene adasiya maudindo mumpingo ndi mtima wosweka, osaba ngakhale tambala.

Chimene chimatilepheretsa si kusowa sukulu. Ndi manyazi, ulemu ndi chibale. Kufunsa lisiti kwa munthu wamkulu kumamveka ngati mwano. Wachinyamata akadzutsa dzanja pamsonkhano n'kufunsa kuti matumba a simenti adagulidwa angati, amamuyang'ana ngati watukwana, ndipo yankho lake limakhala lakuti, "Kodi simukutikhulupirira?" Funso limeneli latseka pakamwa anthu ambiri. M'midzi yambiri ya ku Ntcheu, kumene mwamuna amakakhala kwa mkazi, amayi a mudzi umodzi amakhala a mbumba imodzi: uyu ndi mng'ono wa uyo, uyo ndi mwana wa achemwali a uje. Ubale umenewu ndi umene umapangitsa kuti ngongole zibwezedwe, poti wothawa alibe kothawira. Koma ndi womwewonso umene umasandutsa maloko atatu kukhala loko mmodzi, ngati makiyi onse akugona m'nyumba za pabwalo limodzi. Ndipo zikavuta, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndani akakasume azakhali ake kupolisi? Nkhani imathera kwa amfumu, wolakwa amalonjeza kubweza akakolola, gulu limatha, ndipo anthu amati banki mkhonde ndi yoipa.

Magulu amene amagwa, kawirikawiri amagwa chifukwa cha zinthu zing'onozing'ono zimene zidaloledwa mwaubwino. Wosunga kiyi mmodzi akupita kumaliro ku Balaka, ndiye wasiyira kiyi wosunga bokosi kuti msonkhano usalephereke. Wina wadwalitsa usiku, ndiye wapampando ndi mlembi atsegula bokosi awiriwiri kuti amuthandize, adzanena pamsonkhano. Munthu wakunja, mwina mwamuna wa wapampando kapena wabizinesi wa pamsika, wabwereka kudzera m'dzina la membala. Mlembi watenga timabuku kupita nato kunyumba kuti akalembe bwino. Chilichonse mwa izi chili ndi chifukwa chomveka, ndipo chilichonse ndi khomo.

Mbale ya chopereka

Kutchalitchi nkhaniyi imavuta koposa, chifukwa kufunsa za ndalama kumaoneka ngati kuchepa kwa chikhulupiriro. Komatu Baibulo lenilenilo silichita nazo manyazi. Pa 2 Mafumu 12 pali nkhani ya mfumu Yowasi, amene adaona kuti zaka zikupita, ansembe akulandira ndalama koma Nyumba ya Mulungu sikukonzedwa. Wansembe Yehoyada adatenga bokosi, adaboola chivundikiro chake, n'kuliika poti ndalama zizilowa anthu akuona. Likadzaza, ankabwera awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe, kudzawerenga limodzi, ndipo ndalamazo zinkaperekedwa kwa oyang'anira ntchito kuti alipire amisiri. Mtumwi Paulo naye, potumiza chopereka ku Yerusalemu, adafuna kuti apite nacho anthu osankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke womunena. Ngati Paulo adafuna mboni, msungichuma wa mphakati angakwiye chifukwa chiyani?

Malamulo a Mpingo wa Katolika, amene adakonzedwanso mu 1983, amanena pa nambala 537 kuti parishi iliyonse ikhale ndi bungwe loona za chuma lothandiza bambo mfumu, ndipo pa nambala 1287 amati oyendetsa chuma azipereka lipoti kwa akhristu pa zimene akhristuwo apereka. Mipingo ina nayo ili ndi malamulo ake onga amenewa. Vuto silikhala kwenikweni pamwamba pomwe pali malamulo olembedwa. Limakhala kunthambi, kumphakati, m'mabungwe a amayi, a abambo, a achinyamata ndi m'makwaya, momwe ndalama zimasonkhedwa pafupipafupi, za yunifomu, za ulendo, za pepala Sande, za kujambula nyimbo, koma zolembedwa zake zili m'kope limodzi losungidwa ndi yemwe akusunganso ndalamayo.

Zofunika kuchita n'zosalira ndalama. Chopereka chiwerengedwe tsiku lomwelo, anthu asanabalalike, ndi anthu osachepera awiri amene si apabanja limodzi, ndipo owerengawo azisinthana. Asaine onse papepala, pepala lina lipite kwa mlembi, ndalama zipite kwa msungichuma, ndipo Lamulungu lotsatira chiwerengerocho chilengezedwe. Chopereka chimene chagona kunyumba kwa munthu chisanawerengedwe palibe amene angachitsimikize, ngakhale mwini nyumbayo.

Simenti, sikelo ndi cheke

Kuba kwa m'mabungwe aang'ono nthawi zambiri sikukhudza ndalama zogwirika. Pasukulu pakamangidwa chimbudzi kapena chipinda chophunziriramo, chimene chimasowa ndi simenti, malata, misomali ndi matabwa. Wokagula akakhala yemweyo wolandira katundu, yemweyonso wosunga kiyi wa sitolo, palibe angadziwe ngati matumba 50 olembedwa palisiti adafikadi onse. Komiti yoyendetsa sukulu, komiti ya makolo ndi aphunzitsi ndi gulu la amayi alipo kale pasukulu zathu zapulaimale. Wina akagule, wina awerenge katundu akamatsitsidwa m'ngolo, wina alembe thumba lililonse lotuluka, mmisiri asainire. Ndipo chiwerengero cha ndalama zimene sukulu yalandira kuchokera ku boma chimatidwe pakhoma, poti kholo lililonse liwerenge.

Pakalabu kapena kopaletivi ya alimi, malo oopsa ndi pasikelo. Mlimi wabweretsa mtedza, wina akuyeza, yemweyo akulemba makilogalamu, yemweyo adzalipira. Kilogalamu imodzi yochotsedwa pathumba lililonse siioneka, koma pamatumba 400 ndi katundu wodzaza ngolo. Woyeza atchule mokweza, mlimi aone yekha muvi wa sikelo, wolemba akhale wina, ndipo mlimi apite ndi kapepala kake. Pogulitsa, amene wakambirana mtengo ndi wogula asakhale yekha polandira ndalama.

Mabungwe amene ali ndi akaunti kubanki amadzitama kuti ali ndi osainira atatu. N'zabwino, koma pali chizolowezi chimodzi chimene chimapha zonsezo: kusainiratu cheke chopanda kanthu. Wapampando akupita kutali, kapena watopa kuyitanidwa, ndiye wasaina macheke asanu n'kusiyira msungichuma kuti azingolembapo. Kuyambira pamenepo osainira ndi mmodzi. Chinanso, sitetimenti ya kubanki isamafikire kwa msungichuma yekha. Munthu wina amene sasaina nawo aziitenga mwezi ndi mwezi, n'kukhala pansi kuyerekeza ndi buku la bungwe mzere ndi mzere. Ntchitoyi ndi yotopetsa ndipo ilibe ulemerero, koma ndi imene idasowa ku Capital Hill.

Ena adzati bungwe lathu ndi laling'ono, olembedwa ntchito ndi awiri okha, tigawana bwanji ntchito zinayi? N'zoona, ndipo si nzeru kulemba munthu wachitatu kuti azingoyang'anira K200,000. Koma komiti ilipo. Membala mmodzi atha kumabwera mosalengeza, kamodzi pakanthawi, n'kuwerenga ndalama za m'kabati. Malisiti akhale a manambala otsatizana ndi a kaboni, ndipo buku la malisiti latsopano lizituluka pokhapokha lakale litabwezedwa. Msungichuma akhale ndi nyengo yake, zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo potula udindo awerengetse zonse pamaso pa anthu. Munthu amene safuna kupuma, safuna wothandizana naye, ndipo amakwiya buku lake likagwiridwa ndi wina, mwina ndi wakhama chabe, koma gulu lisadikire kuti lidzadziwe mochedwa.

Bungwe la akatswiri ofufuza zachinyengo padziko lonse la Association of Certified Fraud Examiners, mu lipoti lake la 2024, lidapeza kuti pa milandu 100 iliyonse imene adaiunika, 43 idaululika chifukwa wina adatsina khutu akuluakulu, pomwe ofufuza mabuku ochokera kunja adagwira itatu yokha. Lidapezanso kuti chinyengo chimatha pafupifupi miyezi 12 chisanadziwike. Kwa bungwe la kumudzi limene silingakwanitse kulipira wofufuza mabuku, uwu ndi uthenga wolimbikitsa. Chimene chimagwira wakuba ndi anthu amene akuona ndipo ali ndi poyankhulira. Wachinyamata wofunsa za simenti uja ndi chuma cha komiti, asamuthamangitse.

Foni yabweza zonse m'dzanja limodzi

Pali chinthu chatsopano chimene magulu ambiri sadachiganizire bwino. Kusunga mamiliyoni m'bokosi mwezi wa Novembala, kugawana kutayandikira, n'koopsa, poti akuba nawo amadziwa kalendala. Ndiye magulu ayamba kusunga ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo mamembala amene ali kutali, ku Lilongwe kapena ku Joni, amatumiza masheya awo pafoni. N'zothandiza. Koma nambala imene ikulandira ndalamazo ndi ya ndani? Nthawi zambiri ndi ya msungichuma, yolembetsedwa m'dzina lake, nambala yachinsinsi akuidziwa yekha, ndipo mauthenga onse olowa ndi otuluka akufikira kwa iye. Maloko atatu aja asanduka manambala anayi a m'mutu mwa munthu mmodzi. Ndalama za gulu zasakanikirana ndi zake za tomato, ndipo ngakhale iye mwini sangathe kuzilekanitsa. Atamwalira mwadzidzidzi, ndalamazo pamalamulo zili m'dzina lake, ndipo gulu liyamba kukambirana ndi achibale.

Magulu ochenjera amagula simukhadi ya gulu yokha, n'kuitsekera m'bokosi. Nambala yachinsinsi amaigawa, wina manambala oyamba, wina otsiriza, kuti pasapezeke wotumiza ndalama yekha. Pamsonkhano, ndalama zotsala pafoni zimaonetsedwa kwa onse monga momwe amawerengera za m'mbale. Kumene kuli kotheka, akaunti ya gulu kubanki kapena ku SACCO, yosainira anthu angapo, ndi yabwino koposa, ngakhale kuti ulendo wa kuboma umadya thiransipoti. Ndipo wotumiza ndalama pafoni azitumizanso uthenga wotsimikiza kwa mlembi, kuti wolandira ndi wolemba akhalebe anthu awiri.

Sindikunena kuti njirazi zimatseka mabowo onse. Anthu atatu atha kugwirizana, ndipo zidachitikapo. Zimachedwetsanso zinthu: wodwala akudikira, wosunga kiyi ali kumunda kutsidya la mtsinje. Gulu lanzeru limakonzeratu zotere, mwina posiya kandalama kochepa kodziwika kwa munthu mmodzi ka mavuto a usiku, koti akafotokoze pamsonkhano wotsatira. Koma kugwirizanitsa anthu atatu pa choipa n'kovuta kuposa kudzinyengerera wekha, ndipo chinsinsi cha atatu sichikhalitsa m'mudzi.

Nthawi yabwino yokhazikitsa malamulowa ndi pamene palibe amene akuganiziridwa. Mukawabweretsa ndalama zitasowa kale, aliyense amadziwa kuti mukuloza ndani, ndipo mudzi umagawikana. Mukawabweretsa tsiku la chisankho, maudindo asanapatsidwe kwa munthu, palibe wonyozeka. Ndipo woyenera kuyamba kuwapempha ndi msungichuma mwini wake. Mawu akuti "sindilandira udindowu pokhapokha wina azilemba, wina aziwerenga nane" amachotsa manyazi pa gulu lonse.

Magulu ambiri a banki mkhonde amagawana mu Disembala n'kuyambanso mu Januwale, ndipo makomiti ambiri a m'mipingo ndi m'sukulu amasankha atsogoleri chaka chikamayamba. Inu amene mudzakhale pamsonkhano umenewo, ku Nsipe kapena kwina kulikonse, musanakweze dzanja kuvotera munthu, funsani kuti adzasunga ndani, adzalemba ndani, adzaloleza ndani, ndipo adzawerenga ndani pambuyo pawo. Mayina akakhala ochepera atatu, kapena onse akakhala a nyumba imodzi, pemphani kuti chisankho chiyambe chaima.